Mizinga ya patebulo ndi mahatchi ake: zinthu 13 zodabwitsa

Ku Britain, ku America, ku Germany ndi kumaiko ena kuli anthu akuluakulu, ena a imvi mbuu, amene amathera tsiku Loweruka atazungulira tebulo lodzaza tiasilikali tamtovu ndi tapulasitiki. Patebulopo pamakhala timapiri, timitengo ndi timilatho. Tepi yoyezera kudzanja ili, madayisi kudzanja linalo, iwo amamenyanso nkhondo zakale monga ya ku Waterloo kapena ya ku Gettysburg. Mlendo akangolowa, maso ake amathamangira pa mizinga. Koma mzinga sudziyendera wokha. Kumbuyo kwa uliwonse kunali mahatchi, ngolo, oyendetsa, osula zitsulo ndi matumba a chakudya cha ziweto, ndipo zimenezi ndi zomwe osewera ambiri amasiya m'bokosi. Nazi zinthu 13 za mizinga ya patebulo ndi zoikoka zake.

1. Kale timizinga tinkawomberadi

Masiku ano dayisi ndiye amanena ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Mu 1913 sizinali choncho. Chaka chimenecho H. G. Wells, mlembi wa The War of the Worlds, anatulutsa kabuku ka malamulo a masewerawa kotchedwa Little Wars. Mwini bwalo m'masewerawo anali kamzinga ka sipuling'i kopangidwa ndi kampani ya Britains, kamene kankalavula kamtengo kotalika masentimita awiri ndi theka. Wosewera ankagwada pansi, kutsinzina diso limodzi, kulozetsa bwinobwino, kenako thwa! Kachidole kakagwa ndiye kuti kafa, panalibe zokangana. Wells akufotokoza kuti zonse zinayambira ku Sandgate, pamene mnzake Jerome K. Jerome, atatha kudya nkhomaliro, anaona tiasilikali ndi kamzinga n'kuyamba kutigwetsa kamodzikamodzi. Kumapeto kwa kabukuko Wells anatsindika kuti ndi bwino akuluakulu okonda nkhondo azimenyera pansi m'chipinda kusiyana n'kupha anthu enieni. Chaka chotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka.

2. Mzinga umayenda chafutambuyo

Malamulo a Wells anali ochepa koma anzeru. Mzinga unkayenera kukhala ndi asilikali ake osachepera anayi pamtunda wosapitirira masentimita 15. Akachepera apo, suyenda ndipo suwomba. Nthawi yake ikafika, wosewera ankasankha chimodzi, kuusuntha kapena kuwombera, ndipo kuwomberako kusapitirire kanayi. Ndi oyenda pansi unkasuntha masentimita 30, ndi apamahatchi anayi masentimita 60. Lamulo lina limaseketsa woliwerenga koyamba: mzinga ukasunthidwa, uimikidwe mchira patsogolo, kukamwa kutaloza komwe wachokera. Umu ndi mmene zinalilidi. Mchira wa mzinga unkakolekedwa pa kangolo ka magudumu awiri kotchedwa limber, ndipo mahatchi ankakoka kangoloko. Pofika pomenyera, gulu lonse linkatembenuka, anthu n'kumasula mchira, kuutsitsa pansi, mahatchi n'kubwerera kumbuyo. Mphindi zimenezo zinali zoopsa kwambiri, chifukwa mzinga sunkatha kudziteteza. N'chifukwa chake mpaka lero malamulo ambiri amasiyanitsa mzinga wokolekedwa ndi womasulidwa, ndipo kusintha kumadya nthawi ya wosewera.

3. Mzinga weniweni wa Wells unkakokedwa ndi ng'ombe

Kamzinga kamene Wells ankakakonda kanatengera mzinga wa pa sitima yankhondo, wa kukamwa kotambalala mainchesi 4.7. Unafika bwanji kumtunda? Nkhondo ya Angerezi ndi Mabuno itayamba ku South Africa mu 1899, Angerezi anapeza kuti mizinga ikuluikulu ya adani awo ikuponya patali kuposa yawo. Kaputeni Percy Scott wa sitima ya HMS Terrible anakonza mwachangu zoikapo za matabwa okhuthala ndi magudumu achitsulo, mizinga ya pa sitima n'kutsitsidwa. Kulemera kwake kunali kosayenera mahatchi, choncho inkakokedwa ndi ng'ombe zapagoli, nthawi zina mpaka 32 pa mzinga umodzi. Wosewera wofuna kuonetsa zimenezi mokhulupirika apente mzere wa ng'ombe wotalika kuposa gulu lonse la asilikali ake.

4. Anakhwimitsa masewerawa anali wa mizinga, koma analibe zidole

Mu 1824 msilikali wachinyamata wa gulu la mizinga la ku Prussia, Georg von Reisswitz, anakonzanso masewera amene bambo ake anayambitsa, otchedwa Kriegsspiel. Munalibe kachidole ngakhale kamodzi. Magulu a asilikali ankaimiridwa ndi timabuloko tamtovu, tofiira mbali ina, tabuluu mbali inayo, toyenda pa mapu enieni a muyeso wa 1:8,000. Kusuntha kumodzi kunkaimira mphindi ziwiri za nkhondo, ndipo pakati pankakhala woweruza wolandira malamulo olembedwa kuchokera mbali zonse ziwiri. Kabuloko kalikonse kankadya malo ofanana ndi omwe gulu lenileni likanadya pa nthaka, nkhani imene zidole zokongola za lero zimalephera. Mkulu wa asilikali, von Müffling, ataona masewerawa anawavomereza kuti azigwiritsidwa ntchito pophunzitsa atsogoleri a nkhondo.

5. Mizinga 6 inkafuna mahatchi oposa 200

Patebulo, gulu la mizinga nthawi zambiri ndi kamzinga kamodzi ndi tianthu tinayi. Tamvani za gulu la Kaputeni Cavalié Mercer, G Troop ya Royal Horse Artillery ya Britain, limene linamenya nawo ku Waterloo pa 18 June 1815. Linali ndi mizinga 6 yokha: isanu yoponya mpira wachitsulo wolemera mapaundi 9, umodzi woponya mabomba mokweza. Mzinga uliwonse unkakokedwa ndi mahatchi 8. Panali ngolo 9 za zipolopolo ndi onga, iliyonse mahatchi 6. Panalinso ngolo ya magudumu apadera, ngolo ya chipala cha wosula, ngolo ya katundu, mahatchi okwera owombera, ndi ena ongodikira kulowa m'malo mwa akufa. Zonse pamodzi ziweto zinapitirira 220. Mercer analemba kuti mwa mahatchi pafupifupi 200 amene analowa nawo m'nkhondoyo, oposa 140 anafa kapena kuvulala kwambiri pofika madzulo.

Ndipo zonsezi zinkadya. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, muyeso wa boma wa hatchi imodzi pa tsiku unali mapaundi 14 a udzu wouma ndi mapaundi 12 a chimanga kapena mbewu zina, pafupifupi makilogalamu 12. Gulu la mahatchi 110 linkamaliza chakudya choposa tani imodzi tsiku lililonse, kaya kuli nkhondo kaya kulibe.

6. Oyendetsa mahatchi sanali asilikali

Kwa zaka zambiri maboma a ku Ulaya ankachita ganyu anthu wamba, eni mahatchi ndi antchito awo, kuti azikoka mizinga. Munthu wotere chuma chake chinali mahatchiwo, ndiye zipolopolo zikayamba kulira ankadziwa chochita: kumasula ziweto zake n'kuliyatsa liwiro, mizinga n'kutsala pamtetete. Britain inakhazikitsa gulu la asilikali oyendetsa mu 1794, ndipo Napoleon anachita chimodzimodzi ku France mu January 1800. Wopenta zidole amaziona izi pa mtundu wa zovala, chifukwa owombera a ku France ankavala buluu woderapo pomwe oyendetsa ankavala zotuwa ngati chitsulo. Mahatchi ankamangidwa awiriawiri. Woyendetsa ankakwera yakumanzere n'kumawongoleranso yakumanja ndi chingwe ndi mkwapulo. M'magulu ambiri ankavala chotchinga cha chikopa ndi chitsulo kumwendo wamanja, kuopa kuti ungaphwanyidwe pakati pa hatchi ndi mtengo wa ngolo. Pa zidole zosemedwa bwino kachotchingako kamaoneka.

7. Mtundu wa penti umaulula dziko

Wodziwa masewerawa safunsa kuti mzinga uwu ngwa ndani. Amangoyang'ana matabwa. M'nthawi ya Napoleon, a France ankapaka wobiriwira wothimbirira, wosakaniza dothi lachikasu ndi penti wakuda pang'ono. A Britain ankapaka wotuwa, a Austria wachikasu, a Prussia wabuluu, a Russia wobiriwira wowala. Zitsulo zomangira zinkakhala zakuda, ndipo mizinga yambiri yam'bwalo inali yamkuwa.

Palinso kanthu kena kamene a maso akuthwa amagwira nako anzawo. Mizinga ya France ya dongosolo la Gribeauval, limene linayamba mu 1765, ya mapaundi 8 ndi 12, inali ndi mipata iwiri pokhazika thupi la mzinga. Powombera unkakhala m'mipata yakutsogolo. Paulendo ankausendeza m'mipata yakumbuyo kuti kulemera kugawike pa magudumu onse anayi. Choncho kachidole kokolekedwa ku mahatchi thupi lake lili pamalo owombera kalakwika, ngakhale kapentedwe kake kakome chotani.

8. Tebulo loona likanatalika mamita 26

Zidole zotchuka kwambiri lero ndi za mamilimita 28, pafupifupi muyeso wa 1:56. Mzinga wodziwika wa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, wa mapaundi 12 wotchedwa Napoleon, unkaponya mamita pafupifupi 1,480. Dzinalo ndi la Napoleon III, osati Bonaparte. Tikagawa mtundawo ndi 56, tebulo lifunika kutalika mamita 26, pomwe ambiri amasewera pa tebulo la mamita 1.8 m'litali ndi 1.2 m'lifupi. N'chifukwa chake malamulo amagwiritsa miyeso iwiri nthawi imodzi, wina wa zidole, wina wa nthaka, ndipo kamzinga kamodzi kamaimira gulu lonse.

Apa pali mwayi woseketsa. Mzinga, limber ndi mahatchi 6 zinkatalika mamita pafupifupi 13, ndiye zidole zake zimatalika masentimita 23. Ngati malamulo akuti sentimita imodzi ndi mamita 10, zidolezo zikudya mamita 230. Wina angadandaule kuti zanyanya. Koma gulu la mizinga 6 ndi ngolo zake 6 za zipolopolo, ngolo ya chipala ndi ya zida, litandandalika pamsewu, linkayandikira mamita 200. Choncho wosewera amene amaikadi mahatchi patebulo amakumana ndi mavuto enieni a atsogoleri akale: msewu kutsekeka, mlatho kudzaza, oyenda pansi kudikira kumbuyo. Wosiya mahatchi m'bokosi amakhota ndi mzinga wake paliponse ngati njinga yakabaza.

9. Mpira wachitsulo unkadumphadumpha, ndipo pali ndodo yake

M'mafilimu chipolopolo cha mzinga chikagwa chimaphulika. Zambiri za nthawi ya Napoleon sizinkaphulika ayi. Zinali mipira yachitsulo yolimba imene inkagunda pansi, kunjanja, kugundanso, n'kumathyola miyendo ya anthu ndi mahatchi mumzere wonse. Charles Grant, m'buku lake la 1971 lotchedwa The War Game, anaonetsa zimenezi ndi ndodo yaitali yogonekedwa kuchokera kukamwa kwa kamzinga, ndipo zidole zopezeka pansi pa gawo lolembedwa la ndodoyo ndi zomwe zinali pangozi. Adani akayandikira ankagwiritsa waya wopindidwa motambalala kutsogolo, kuimira chitini chodzaza tizipolopolo timene tinkamwazika potuluka. N'chifukwa chakenso malamulo abwino amafunsa za nyengo. Usiku wa pa 17 June 1815 kunagwa chimvula ku Waterloo. M'mawa mwake magudumu ankatitimira m'matope, mipira inkangozika osadumpha, ndipo nkhondo inayamba mochedwa, dzuwa litakwera kale.

10. Wofuna kulanda mzinga ankayamba ndi mahatchi

Kupha owombera kunkatontholetsa mzinga, koma kupha mahatchi kunkaukhomera pamalo amodzi. Ku Gettysburg, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pa 2 July 1863, gulu la 9th Massachusetts la Kaputeni John Bigelow linabwerera m'mbuyo likuwombabe, mizinga ikukokedwa ndi zingwe zazitali m'malo moikoleka. Pafamu ya Trostle linapanikizika, mahatchi 80 mwa 88 anatha, ndipo mizinga inayi inagwa m'manja mwa adani mpaka madzulo pamene inalanditsidwa.

Ku Colenso, pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabuno ija, pa 15 December 1899, Colonel Charles Long anathamangitsa mizinga 12 kufupi kwambiri ndi mtsinje wa Tugela, kumene Mabuno anabisala. Mfuti zinagwetsa anthu ndi mahatchi. Odzipereka anayesa kukaikoka ndi mahatchi ena, koma anapulumutsa iwiri yokha, 10 n'kutayika. Mmodzi mwa odziperekawo, Freddy Roberts, anavulala pamenepo n'kumwalira, ndipo anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross. Mizinga ya pa sitima imene inkakokedwa ndi ng'ombe inatsalira m'mbuyo chifukwa cha kuchedwa, ndipo kuchedwako kunaipulumutsa. Kudzipereka kotere kuli ndi chifukwa chake: Royal Artillery ya Britain ilibe mbendera ya gulu monga magulu ena, ulemu wa mbendera umaperekedwa kwa mizinga yeniyeniyo. Osewera amakonda kukonza masewera a kupulumutsa mizinga, ndipo amenewa sangatheke popanda zidole za mahatchi.

11. Katswiri wosema zidole anataya dzanja chifukwa cha mzinga

Mzinda wa Nottingham ku England uli ndi makampani ambiri opanga zidolezi. Kumeneko kuli amapasa awiri, Alan ndi Michael Perry, amene zidole zawo za mizinga, tingolo ndi mahatchi zimapezeka pa matebulo a m'maiko ambiri. Mu 1996, pa chionetsero chokumbukira zaka 650 za nkhondo ya ku Crécy ku France, Michael ankathira onga mu mzinga wopangidwa motengera wakale pamene unaphulika nthawi isanakwane. Anataya mbali ya mkono wamanja, womwe ankasemera. Anaphunzira kusema ndi dzanja lamanzere n'kupitiriza ntchito yake.

12. Asilikali a Hitler ankadalira mahatchi kuposa akasinja

Tebulo la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse limadzaza akasinja ndi magalimoto achitsulo, makamaka mbali ya Germany. Zoona zake n'zakuti magulu ambiri a asilikali oyenda pansi a dzikolo ankayendadi pansi, ndipo mizinga yawo inkakokedwa ndi mahatchi. Mzinga wawo wamasiku onse, leFH 18 wa masentimita 10.5, unkakokedwa ndi mahatchi 6 monga zinalili zaka zana m'mbuyomo. Polowa m'dziko la Soviet Union mu June 1941 anatenga mahatchi oposa 600,000, ndipo pa nkhondo yonse anagwiritsa ntchito mahatchi ndi nyulu pafupifupi 2.75 miliyoni. Akasinja otchuka aja a Tiger I anapangidwa pafupifupi 1,350 okha. Kusowa kwa mafuta ndi magalimoto ndiko kunachititsa kuti azidalira mahatchi. Asilikali a Britain amene anapita ku France mu 1939 ndiwo anali atasiya kale mahatchi pokoka mizinga. Patebulo zimaoneka mosemphana pa chifukwa chosabisika: kasinja mmodzi amapentedwa madzulo amodzi n'kupambanitsa masewera, pomwe mahatchi 6 ndi malamba awo onse amadya masiku, ndalama ndi malo m'bokosi, koma saombera ngakhale kamodzi.

13. Kum'mawa kwa Africa mizinga inkakokedwa ndi anthu

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 m'dera lomwe lero ndi Tanzania, kumpoto kwa Mozambique ndi m'malire a Malawi ndi Zambia, mahatchi ndi nyulu zinkafa mwaunyinji chifukwa cha kashembe ndi matenda ena a ziweto. Ntchito yawo inagwera anthu. Sitima yankhondo ya Germany, Königsberg, itaphwanyidwa pamathiriro a mtsinje wa Rufiji mu July 1915, mizinga yake 10 ya masentimita 10.5 inachotsedwa, ina n'kuikidwa pa magudumu, ndipo anthu akuda mazanamazana anaikoka ndi zingwe m'tchire ndi m'matope kuti ithandize asilikali a Germany otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck. Mbali ya Angerezi nayo inkadalira mitu ndi mapewa a anthu ponyamula zipolopolo, chakudya ndi zigawo za mizinga ing'onoing'ono. Ku Nyasaland kokha, komwe lero ndi Malawi, amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa pa ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa.

Makampani ena amagulitsa zidole za amtengatenga, koma monga zimakhalira ndi mahatchi, osewera ambiri amagula zochepa zongokongoletsera m'mbali mwa tebulo. Pa nkhondo imeneyo onyamula katundu anachuluka kangapo konse kuposa onyamula mfuti, ndipo onyamulawo akatha mphamvu gulu lankhondo linkaima pomwepo. Amene akufuna kuionetsa molondola patebulo ayambe wapenta amtengatenga, n'kulemba lamulo lakuti popanda iwo mzinga susuntha.